Umboni wa Che Bilali

Mayankho Kalonjere anakulira ku Chipoka, kuseri kwa njanji, m'nyumba yomwe ngakhale yunifolomu ya kusukulu inkanunkha usipa, chifukwa mayi ake ankagulitsa nsomba. Mtsikanayu atamaliza maphunziro a zamalamulo anagwirako ntchito ku Lilongwe pansi pa maloya akuluakulu, kenako anabwerera kwawo. Anachita lendi kachipinda pa boma la Salima, pamwamba pa sitolo ya zitsulo, n'kukhoma chikwangwani cha dzina lake pakhomo. Analibe kalaliki, analibenso wotayipa, koma milandu inkabwera mothithikana: ya malo, ya maukwati, ya ngozi za njinga zakabaza.

Chomwe chinkamupepuza ntchito chinali pulogalamu ya AI ya pa foni yake. Munthu akabwera ndi nkhani, Mayankho ankaika foni patebulo, munthuyo n'kumalankhula. Pulogalamuyo inkamvetsera, n'kulemba mawuwo, n'kuwasandutsa Chingerezi cha kukhoti, ndime ndi ndime. Ntchito yomwe kale inkadya tsiku lathunthu inkatha munthuyo asanafike n'komwe pa depoti. Poyamba ankawerenga mzere uliwonse uku akumvetseranso mawu ojambulidwawo, ndipo ankapeza kuti yaphonya mayina a midzi basi. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kungoyendetsa maso pamwamba.

M'nyengo ya mphepo ya mwera kunabwera Eveles, mayi wa ku Chipoka yemwe ankayanika usipa n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Mathandala ake, aja amayanikirapo nsomba, anali atapsa masana ena pamodzi ndi usipa wonse umene unali pamenepo. Iye sankakayika za woyatsa. Ankati ndi Pitala, mwini maboti awiri a injini, yemwe ankalimbirana naye malo pagombe. Apolisi anafufuza n'kunena kuti palibe umboni, choncho Eveles anafuna kukasuma yekha kuti Pitala amulipire.

“Mboni muli nayo?” anafunsa Mayankho.

“Ndili ndi Che Bilali.”

Mayankho anasiya kulemba. Che Bilali ankawadziwa kuyambira ali mwana. Anali mkulu wa kumzikiti, ndipo pagombe pakabuka mkangano wa ukonde kapena wa malire, Asilamu ndi Akhristu omwe ankathamangira kwa iwo. Sankalankhula zambiri, koma akanena kuti chakuti chinachitika, nkhani inkathera pomwepo. Bambo a Mayankho atamwalira, ndi Che Bilali amene anaima pakati kuti achibale asalande nyumba. Mboni ngati imeneyo loya aliyense akanaifuna.

Anapita yekha ku Chipoka kukatenga umboniwo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya Che Bilali, mphepo ikuuluza mchenga ndi mapepala a shuga. Anaika foni pa mpando, laputopu pamiyendo. Tsiku limenelo analinso ndi mlandu wina womwe mapepala ake ankafunika kukhoti dzuwa lisanapendeke, ndiye pamene mkuluyo ankafotokoza, iye ankatayipa za mlandu winawo, akumagwedeza mutu mwa apo ndi apo. Mumtima ankati palibe chotayika, foni ikumva.

Chikalata cha umboni chinatuluka chaukhondo. Mayankho anaona dzina la Pitala, mawu oti petulo ndi oti moto, ndipo mtima wake unakhala pansi. Tsiku losayina, Che Bilali anakwera minibasi n'kufika pa ofesi atavala mkanjo woyera ndi kofia, koma anapeza Mayankho akutseka chikwama, akuthamangira ku khoti lalikulu ku Lilongwe.

“Chingerezi ine sindichidziwa, mwananga,” anatero mkuluyo atagwira pepalalo. “Walembamo zomwe ndinanena?”

“Zomwezo, bambo.”

Anasayina pang'onopang'ono m'zilembo za Chiarabu. Pamwamba pa siginechayo panali mzere wonena kuti chikalatacho chawerengedwa kwa mboni m'Chichewa ndipo mboniyo yamvetsa. Macdonald, loya mnzake wa ofesi yoyandikana, ndi amene ankayenera kulumbiritsa. Anawapatsa moni Che Bilali, n'kudinda chidindo, osafunsa kanthu.

Tsiku la mlandu, theka la gombe la Chipoka linabwera pa boma. Mabenchi anadzaza, ena anaima m'mawindo. Pitala anali atalemba loya wa ku Lilongwe, a Lawson Nkhwazi, bambo wa imvi wolankhula motsitsa mawu. Che Bilali atalowa m'bokosi la mboni n'kulumbira, Mayankho anangowafunsa ngati siginecha inali yawo, iwo n'kuvomera, iye n'kukhala pansi. Kenako anaimirira a Nkhwazi n'kupempha womasulira wa khoti kuti awerenge ndime yachisanu m'Chichewa.

Womasulirayo anawerenga mokweza: “Ndinaona ndi maso anga Pitala akuthira petulo pa mathandala a Eveles, kenako n'kuyatsa moto.”

Che Bilali anapendeketsa mutu ngati sanamve bwino. “Mubwerezenso.”

Anabwereza.

“Ine sindinanenepo zimenezo.”

M'khoti munamveka phokoso ngati la njuchi. A majisitireti, mayi wa magalasi, anagogoda tebulo.

“Siginecha iyi mwati ndi yanu,” anatero a Nkhwazi.

“Ndi yanga.”

“Ndipo apa palembedwa kuti anakuwerengerani m'Chichewa, inu n'kumvetsa, n'kulumbira. Ndiye tithandizeni, bambo. Munanama tsiku lija, kapena mukunama lero?”

Mkuluyo anatembenuka kuyang'ana Mayankho. Sanali kuyang'ana mokwiya. Ankangodikira kuti mwanayo aimirire akonze zinthu, monga munthu amadikirira dalaivala kuti anene chomwe chavuta galimoto ikaima. Mayankho anayang'ana mapepala ake. Ankadziwa kuti ayenera kuimirira, koma anangokhala pampando, ndipo mumtima ankadziuza kuti mwina mkuluyo wachita mantha ataona Pitala, mwina waiwala, ukalamba.

“Wallahi, pali Mulungu, sindinanene,” anatero Che Bilali.

Pitala analankhula ali pabenchi, osakweza mawu. “Che Bilali, inu ndi ine timakhala mpanda umodzi.”

A majisitireti anachenjeza mboniyo kuti kunama utalumbira ndi mlandu womwe munthu amapita nawo kundende, kenako anaimitsa khoti mpaka masana.

Mayankho sanayang'ane munthu. Anatuluka pa khomo la kumbali, n'kukalowa m'galimoto yake, n'kutseka mawindo ngakhale kunkatentha. Anafufuza mawu a tsiku lija m'foni n'kuyamba kumvetsera. Choyamba anamva mphepo, ikuwomba ngati munthu akupuma pa foniyo. Kenako mawu a Che Bilali, odekha: “Ndinkachokera kumzikiti ku swala ya masana, ndiye ndinaona utsi. Panjira ndinakumana ndi Pitala atanyamula chigubu cha petulo. Koma uja amanyamula petulo tsiku ndi tsiku, ali ndi mainjini. Woyatsa moto sindinamuone ayi.” Pa mawu omalizawo mphepo inakula, koma khutu la munthu likanamva. Pulogalamu ija inatola Pitala, petulo ndi moto, n'kuzilumikiza yokha kukhala nkhani yosalala.

Koma chomwe chinamupweteka kwambiri sichinali chimenecho. Pansi pa mawu a mkuluyo pankamveka kugogoda kwa zala zake pa laputopu, kosalekeza, ndi mawu ake omwe akuti, “Ee, ee, pitirizani, bambo,” pa nthawi yeniyeni yomwe iwo ankati sanamuone woyatsa. Anazimitsa foni n'kutsamira chiwongolero.

Wina anagogoda pawindo. Anali Macdonald, amene anali atamva kale nkhaniyo. Analowa n'kukhala mpando wa kutsogolo, ndipo Mayankho anamuyatsira mawuwo kuti amve.

“Wamva ndani wina?” anafunsa Macdonald.

“Palibe.”

“Ndiye khala phee. Mboni zimasintha mawu tsiku lililonse, majisitireti aliyense amadziwa. Uuze khoti kuti sukudaliranso umboni wawo, basi. Kundende sangawapititse, ndi nkhalamba.”

“Anthu onse aja amva kuti ndi abodza.”

“Aiwala. Koma ukanena zoona, bungwe la maloya silidzaiwala. Layisensi yako ili pamenepo, ndi chidindo changanso chili papepala lomwelo. Ndili ndi ana, Mayankho.”

Mayankho anaona kuti mawu a Macdonald akumukomera, ndipo manyazi anakula poona kuti akumukomera. Kutsogolo kwa galimoto, pa khonde la khoti, Che Bilali anali atakhala pa simenti. Anthu a ku Chipoka anali m'timagulu pansi pa mitengo akudya chinangwa ndi mandasi, koma pafupi ndi mkuluyo panalibe aliyense kupatula mwana wawo wamkazi, Naima, atagwira botolo la madzi lomwe iwo sanalilandire.

Khoti litayambanso, Mayankho anaimirira asanaitanidwe. Analankhula m'Chingerezi, monga maloya amachitira, maso ali pa tebulo la a majisitireti. Ananena kuti chikalatacho chinalembedwa ndi pulogalamu ya AI kuchokera pa mawu ojambulidwa, kuti iye sanachifananize ndi mawuwo, kuti sanawawerengere mboni m'Chichewa ngakhale pepala likutero, ndipo kuti ndime yachisanu si mawu a mboni. Anapereka foni kuti khoti limve lokha. Analankhula mothamanga, ndipo womasulira, posafuna kumudula, anangoti kumapeto, “A loya akuti panali kulakwitsa pa kalembedwe ka chikalata.”

A majisitireti anaitanira maloya awiriwo m'chipinda chawo n'kumvetsera mawuwo. Atatha anavula magalasi.

“Mayi Kalonjere, kugwiritsa ntchito makina sindikuletsani. Ngakhale ine ndimagwiritsa ntchito. Koma pepala ili linabwera m'khoti langa ndi dzina lanu, osati la foni. Munandiuza kuti munthu wawerengeredwa pomwe sanawerengeredwe, ndipo m'mawa uno munakhala chete ine ndikumuopseza ndi ndende. Chachiwiricho ndi chimene chikundivuta kwambiri.”

“Ndalakwa, a bwana.”

“Chikalatachi ndikuchichotsa. Nkhani yanu ndi ya amene anadinda ndikuitumiza ku bungwe la maloya. Komanso mudziwe kuti mawu a anthu anu mukuwatumiza kwa eni pulogalamuyo. Munawapempha chilolezo?”

Mayankho anapukusa mutu.

Atatuluka anapeza Che Bilali atapita kale. Eveles yekha ndi amene ankamudikira pa galimoto, chitenje atachimanga m'chiuno ngati wokonzekera ndewu, koma analankhula motopa.

“Ndiye mlandu wanga watha?”

“Sunathe, mayi, koma wafooka. Che Bilali sanaone woyatsa. Ndikanamvetsera tsiku lija, ndikanakuuzani musanasume.”

“Ine ndinabwera kwa inu chifukwa ndinu mwana wa kwathu,” anatero Eveles, n'kunyamuka kupita ku depoti.

Sabata yotsatira mayi ake a Mayankho anaimba foni. Sanafunse za moyo. Anati ku Chipoka nkhani yafala yoti Che Bilali anagulidwa. Ena ankati anagulidwa ndi Eveles kuti anamizire Pitala, ena ankati anagulidwa ndi Pitala kuti asinthe mawu. Lachisanu Che Bilali anapita kumzikiti n'kukhala mzere wa kumbuyo. Anyamata awiri atakangana za ukonde, wina anati apite kwa Che Bilali, anthu n'kuseka.

“Koma ndinanena m'khoti kuti wolakwa ndine,” anatero Mayankho.

“Unanena kwa ndani? Ine ndinali pawindo, sindinamve.”

Mayankho anapita ku Chipoka Loweruka m'mawa. Naima anamulandira pakhomo mopanda kumwetulira n'kumulozera kuseri. Che Bilali anali pansi pa mango uja, atakhala pa mkeka. Mayankho anakana mpando, anagwada pa mchenga, suti yake yomweyo, n'kufotokoza zonse, kuyambira laputopu mpaka mawu a Macdonald m'galimoto. Sanabise kuti anatsala pang'ono kuwatsatira.

Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. “Ndinakufunsa,” anatero. “Ndinati walembamo zomwe ndinanena?”

“Munandifunsa, bambo.”

“Makinawo ine sindikuwadziwa, ndipo ndilibe nawo mlandu. Sanadyepo m'nyumba mwanga. Ine ndinafunsa iwe.”

Mayankho anangoyang'ana mchenga. Misozi inabwera, koma anaibweza, poona kuti kulira pamenepo kukanakhala ngati kupempha kuti amutonthoze.

“Kukhululuka ndakhululuka, Mulungu ndiye mwini chiweruzo,” anapitiriza Che Bilali. “Koma bodza lija linawerengedwa m'Chichewa, mokweza, kawiri. Kupepesa kwako kunali m'Chingerezi. Anthu anapita kwawo ndi chimene anamva.”

“Ndichite chiyani?”

“Mawa komiti ya pagombe ikukumana. Ukanene kumeneko.”

Asanapite anadzera kwa Eveles, chifukwa mawu ojambulidwawo anali a mlandu wake ndipo sakanawaulutsa popanda iye kulola. Anamupeza akumanga mathandala atsopano ndi nsungwi zobwereka. Eveles anamva pempholo osasiya kumanga.

“Ndiye mukufuna gombe lonse limve kuti ndilibe umboni.”

“Khoti lamva kale, mayi. Koma mukakana, sindiwaulutsa. Ndingonena za kulakwa kwanga.”

Eveles anakoka chingwe n'kuchiluma ndi mano. “Akuluwo sanandilakwire. Kawayatsireni anthuwo amve.”

M'mawa mwake gombe linali lodzaza. Maboti anali atangofika, amayi akutsuka usipa m'mabeseni, ogula akukuwa mitengo. Wapampando wa komiti anaimba wezulo, anthu n'kusonkhana pafupi ndi shedi. Ambiri mwa iwo anamuona Mayankho akukula. Ena anaphunzira naye pulayimale, ena anasonkha nawo za phwando atapambana mayeso a uloya. Mayi ake anaima kumbuyo, manja atapinda pachifuwa. Pitala anakhala pa injini yochotsedwa m'boti, ndipo Che Bilali anakhala pa benchi chapatali.

Mayankho anali atalankhulapo pamaso pa majaji, koma apa mawu anatuluka aang'ono, mpaka wina anati akweze. Anayambiranso. Anafotokoza m'Chichewa chosavuta momwe pulogalamuyo imagwirira ntchito ndi momwe iye anasiyira kuiyang'anira. Kenako analumikiza foni ku sipika ya wapampando, ndipo gombe lonse linamva mphepo, mawu a Che Bilali oti woyatsa sanamuone, ndi zala zake zikugogoda. Pamene mawu ake oti “ee, ee, pitirizani” anamveka, amayi ena anaseka, ndipo iye anaima pomwepo mpaka kuseka kunatha.

Msodzi wina dzina lake Ahmad anakweza dzanja. “Ndiye kuti inanama ndi foniyo?”

Anthu angapo anavomereza, ndipo Mayankho anaona kuti akumutsegulira njira yothawira, mwina chifukwa cha mayi ake.

“Foni inalakwitsa, achimwene, koma foni sinauze Che Bilali kuti zalembedwazo ndi zomwe ananena. Ndinawauza ndine, ndisanawerenge. Ndipo atakana m'khoti muja, ine ndinakhala chete. Iwo sananame tsiku lija, sananamenso m'khoti.”

Pitala anaimirira n'kupukuta manja pa buluku.

“Mwamva nonse kuti sanandione,” anatero. Kenako anatembenukira kwa Mayankho. “Koma ana anga kusukulu akutchedwa ana a wootcha. Zimenezo mukaziulutsa pa sipika iti?”

Pitala anapita pomwe panali Che Bilali, n'kuwagwira dzanja mwachidule osakhala pansi, n'kubwerera ku boti lake. Wapampando anapitiriza ndi nkhani ya maukonde oletsedwa, anthu n'kuyamba kubalalika.

Eveles anauchotsa mlandu uja m'khoti mvula isanayambe, ndipo woyatsa mathandala sanadziwike mpaka lero. Bungwe la maloya linamuitana Mayankho ku Blantyre, linamumvetsera, n'kumuimitsa ntchito kwa kanthawi, ndi lamulo loti akabwerera adzagwire pansi pa loya wamkulu. Macdonald analandira chenjezo, ndipo kuyambira pamenepo akakumana pa masitepe amangodutsana. Asanatseke ofesi, Mayankho anaimbira mmodzimmodzi anthu onse omwe anawalembera zikalata ndi pulogalamu ija, kuwauza zomwe zinachitika ndi kumene mawu awo ankapita. Ena anamuthokoza, ena anabwera kudzatenga mafayilo awo osakhala n'komwe pampando.

Ku Chipoka anthu anayambanso kupita kwa Che Bilali ndi mikangano yawo, ngakhale iwo tsopano amakana chilichonse chofuna kusayina. Ndi Pitala amapatsana moni pa mpanda, koma sakhalanso limodzi pakhonde monga kale. Mayankho amapitabe kukaona mayi ake kumapeto kwa mwezi. Amatsika minibasi isanafike pa siteji, n'kudzera njira ya kunjanji yomwe sidutsa pagombe.